Kiyi wa Pakhosi pa a Kapitawo

Kwa Bwana Woona za Umoyo ndi Chimwemwe cha Antchito,
Fakitale ya Poloni ndi Soseji ya Chizindikiro cha Nkhumba Yomwetulira,
Ofesi ya m'mwamba, ija ya makatani obiriwira.

Olemekezeka Bwana,

Lero Lachisanu kwacha ndi kamvula kowaza, kaja kosanyowetsa msewu koma kokwanira kudzutsa fungo la ngalande ya kuseri kwa fakitale yanu. Malole a nkhumba adutsa pakhomo pathu kusanayere bwino, nkhumba zikulira ngati zauzidwa kale kumene zikupita. Kenaka yalira sayirini yanu, ndipo msewu wonse wadzaza ndi mgugu wa majombo oyera. M'nyumba mwathu mwamveka phokoso lina laling'ono limene ndikulizolowera pang'onopang'ono: pulasitiki ikulira kuchipinda, abambo akusintha kathumba ka pamimba pawo. Za kathumbako ndifotokoza ndikafikapo.

Simundidziwa, ndipo palibe chifukwa choti mundidziwire. Ndine mwana wa sukulu wa fomu yachitatu. Abambo anga ndi wantchito wanu nambala 0417, amene aima pa makina odulira poloni zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Anzawo amawatcha a Ngamila. Sukulu yathu ili pachitunda kuseri kwa mpanda wanu, ndipo mpando wanga uli pawindo, kumbuyo kwenikweni, kumene ndimakhala ndekha. Anzanga amanditcha Kadzidzi chifukwa ndimangoyang'ana osayankhula. Pawindopo ndimaona bwalo lonse la fakitale: khomo la holo ya makina, khonde la ofesi yanu, ndi kachitseko kabuluu ka pakona, ka chimbudzi cha antchito.

Ndikanaponya kalatayi m'bokosi lanu la maganizo, koma kabowo kake kanatsekeka ndi penti pamene munkakongoletsa geti poyembekezera alendo chaka chatha. Ndiye ndiimata pagetipo, kuti nawonso odutsa aone mmene tikukuthokozerani. Pakuti sindikudandaula ayi. Amayi anandiphunzitsa kuti ndikapatsidwa kanthu ndizithokoza, ndipo banja lathu lapatsidwa zambiri moti ndachita kuziika manambala.

Choyamba, zikomo chifukwa cha phukusi la Lachisanu. Sabata iliyonse wantchito aliyense amatuluka pageti ali ndi phukusi kukhwapa: nsonga za poloni zimene sizingagulitsidwe, soseji zophulika, ndi tizidutswa ta nyama ya mchere ya pautsi. Ine ndinabadwa phukusili lilipo kale. Tadya poloni wokazinga, poloni wowiritsa, poloni wa m'buledi, poloni wa mumpunga, m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo amayi akanayenera kupatsidwa mendulo chifukwa chopezera chinthu chimodzi maphikidwe ochuluka chonchi. Kamlongo kanga kanafika zaka zisanu kakudziwa kuti nyama ndi yozungulira ndiponso yapinki. Tsiku lina kwa azakhali kanapatsidwa nkhuku, kanalira kuti akaikira mitengo m'kati. Anthu a m'misewu ina ankatisirira. Amayi ogulitsa makala ankati tikamadutsa, “Taonani ana a Ngamila, masaya noninoni, nyama tsiku ndi tsiku ngati ana a bwana!”

Ankalakwitsa amayi aja. Ine ndimakuonani masana aliwonse mutakhala pakhonde lanu, mutatsegula kabokosi ka chakudya. Mumakhala zobiriwira, tinyemba, ndi apozi mmodzi pambali. Zaka zitatu ndakhala pawindo lija, sindinakuoneni mukuika kachidutswa ka poloni pakamwa. Kudzimana kotereku, kusiyira ife nyama yonse, kumandigwira mtima.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha kiyi. Chaka chimene ndinayamba fomu yoyamba munatulukira kuti antchito amaononga nthawi yambiri kuchimbudzi. Munaika loko pa kachitseko kabuluu, ndipo kiyi munamumangirira pa chingwe chachikasu n'kumupachika pakhosi pa a Kapitawo. Lamulo lake ana a msewu wathu amalidziwa kuposa mathebulo. Wofuna kupita akweze mkono. A Kapitawo akamuona, apeze wina woima pamalo pake. Alembedwe dzina m'buku. Apatsidwe mphindi zinayi. Wolembedwa katatu pa sabata akaonekere kuofesi.

Ndili ndi wotchi yakale ya abambo, ndipo ndawerengera anthu ambiri. Kuchoka pakhomo la holo kufika pa kachitsekoko, munthu wothamanga pang'ono amatenga theka la mphindi. Kubwerera, theka lina. Kuvula epuloni ndi magolovesi, kusamba m'manja kawiri monga mwa malamulo anu a ukhondo, kuvalanso, ndi mphindi ina ndi theka. Imene yatsalayo ndi yake munthuyo, achite nayo zimene akufuna. Ndipo a Kapitawo samusiya yekha kuti asungulumwe. Mawu awo amadumpha mpanda n'kufika m'kalasi mwathu: “Zitatu zatha, akulu! Mukuberekamo mwana mmenemo?” Kapena, munthu akangokweza mkono, “Inunso? Kodi akazi anu amakuphikirani chiyani? Makina adikire mimba yanu?” Kalasi yonse imaseka. Inenso ndinkamwetulira, chifukwa ndinkadziwa kuti abambo anga sangakalipiridwe choncho.

Chachitatu, ndipo ichi ndi chachikulu, zikomo chifukwa chophunzitsa abambo kadyedwe. Madokotala amalankhula mpaka kusasa mawu osasintha mbale ya munthu. Kiyi wanu anasintha mbale za msewu wonse pa mwezi umodzi.

Kale phukusi lanu linali ndi anzake patebulo. Abambo ankakonda nyemba. Kuseri kwa nyumba anali ndi timizere ta masamba ndi mtengo wa papaya, ndipo akaweruka ankathirira okha akuimba mluzu. Koma sabata yoyamba ya kiyi analembedwa kanayi. Anabwera kuchokera kuofesi yanu, nakhala pansi n'kuyamba kafukufuku amene aphunzitsi athu a sayansi akanamuchitira kaduka. Anapeza kuti nyemba za madzulo zimagogoda cha m'ma 9 koloko m'mawa. Anapeza kuti masamba ndi papaya n'chimodzimodzi. Anapezanso kuti buledi woyera ndi poloni, mwa mawu awo, “zimakhala phee m'mimba, sizipempha kiyi.” Anauza amayi kuti, “Mayi a ana, nyemba zizidikira Lamlungu.” Atakumbukira kuti Lamlungu limatsatana ndi Lolemba, anazisamutsira Loweruka, kenaka zinangozimiririka. Madzi anasiya kumwa kuyambira m'bandakucha mpaka sayirini ya madzulo, n'chifukwa chake dzina lija la Ngamila. Timizere tija tinauma, amayi anamangapo chingwe choyanikira zovala.

Ankatha masiku atatu kapena anayi osapita kuchimbudzi, ndipo ankanyadira. Anyamata atsopano pantchito ankabwera kudzafunsa nzeru, iwo n'kumawalangiza mokoma mtima ngati mkulu wa mpingo. Zaka ziwiri zathunthu dzina lawo silinalowe m'buku. Inu nomwe munawagwira chanza pamaso pa anthu onse n'kuwapatsa satifiketi ya Wantchito Wosachoka Pamalo. Ili pakhoma pamwamba pa tebulo lathu lodyera, m'galasi, ndipo siginecha yanu ndi yokongola kwambiri.

Chachinayi, zikomo chifukwa cha Tsiku la Umoyo. Munamata pageti chikwangwani cha mayi wa mano oyera akusekerera mbale ya kabichi, ndi mawu akuti: IDYANI MASAMBA NDI ZIPATSO TSIKU LILILONSE, IMWANI MAKAPU ASANU NDI ATATU A MADZI. Munalankhula mphindi makumi anayi, ndinawerenga, ndipo munapatsa aliyense botolo la madzi lokhala ndi nkhumba yomwetulira. Lathu amayi amasungiramo mafuta ophikira. Ine ndinatenga nkhaniyi ngati samu: antchito mazana awiri, aliyense makapu asanu ndi atatu, chitseko chimodzi, kiyi mmodzi, mphindi zinayi. Ndinapita nayo kwa aphunzitsi a masamu. Anaiyang'ana nthawi yaitali n'kundibwezera, amvekere ndakopera molakwika, samu yotere munthu wa mutu sangaipereke. Sindinawauze kuti ndi yanu. Pamapeto a mwambowo munagawa soseji.

Chachisanu sindikudziwa ngati ndi chothokoza, koma chili pakati pa zinazo ndipo sindingachidumphe.

Ntchito yanga pakhomo Loweruka lililonse ndi kutsuka chimbudzi. Choncho amene anaona magazi koyamba ndine. Ndinayamba kuyang'anitsitsa, poti ndilo luso lokha limene ndili nalo. Ndinaona kuti abambo akaweruka amalowa n'kutuluka, kulowanso n'kutulukanso, mpaka kasanu, akutuluka thukuta lili kamukamu pamphumi. Ndinaona kuti aboola ndi msomali mabowo awiri atsopano pa lamba wawo. Ndinauza amayi. Amayi atawafunsa, anayankha kuti ndi kutentha kwa m'thupi chabe, ndipo ine anandiuza kuti, “Iwe Kadzidzi, maso akowo uzikayang'anira mabuku.”

Kuchipatala anakana, chifukwa tsiku la kuchipatala ndi tsiku lojomba. Kwa namwino wa pafakitale munthu amapita ndi kapepala kochokera kwa a Kapitawo, ndipo kuti kapepalako katuluke umayenera kunena vuto lako mokweza, kupambana phokoso la makina, anzako onse akumva. Abambo anga ndi munthu amene sanatchulepo mawu oti chimbudzi pamaso pa ana awo, amati “ndikuzungulira kuseri.” Ndiye mmalo mokweza mkono, ankapinda kansalu n'kuika m'kati mwa buluku. Amayi ankachapa tinsaluto m'mamawa n'kuyanika pansi pa matawulo kuti ife tisaone. Ine ndinkaona. Inatha miyezi isanu ndi itatu.

Lachiwiri lina, tili pa phunziro la mapu, ndinaona khomo la holo likutseguka ndipo abambo anatuluka opanda kiyi, akuyenda chogwira khoma. Anafika pa kachitseko kabuluu, anagwedeza loko kamodzi, kenaka anangokhala pansi pasimenti. A Kapitawo anabwera akuthamanga. Ndiwachitire umboni: anathandiza kuwanyamula. Koma asanatero anatsegula buku n'kulemba. Ndinaona cholembera chikuyenda. Limenelo ndi tsiku loyamba m'moyo wanga kutuluka m'kalasi osapempha, ndipo palibe anazindikira kuti ndachoka.

Chachisanu ndi chimodzi, zikomo chifukwa chondithandiza pa sayansi. Dokotala amene anaona abambo kuchipatala anali mayi wachitsikana wa magalasi. Anajambula matumbo kuseri kwa kapepala n'kuika kamtanda pamalo amodzi chakumunsi. Anati ndi khansa ya m'matumbo aakulu. Anafunsa kuti abambo amadya chiyani masiku onse. Amayi anayamba kufotokoza, monyadira pang'ono poyamba, poti nyama tsiku ndi tsiku si chinthu chochititsa manyazi. Atafika pa nyemba, papaya ndi madzi, dokotala uja anaika cholembera pansi.

Ndikufuna ndikuchitireni chilungamo, Bwana, pakuti ndamva kuti muli ndi maloya. Dokotalayo sananene kuti ndi poloni wanu. Anati palibe amene angaloze chinthu chimodzi. Pali msinkhu, pali za kumtundu, pali fodya ndi mowa, ngakhale abambo sasuta ndiponso samwa. Anangoti nyama zokonzedwa ndi mchere ndi utsi, zikamadyedwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, zimawonjezera chiopsezo, ndipo nyemba, masamba, zipatso ndi zakudya za gaga zimachichepetsa. Ndiye kuti abambo anawonjezera mbali iyi n'kuchotsa mbali inayo, mwadongosolo, ngati munthu wotsatira malangizo. Kenaka dokotalayo anati, “Bambo, mukanabwera tsiku limene munaona magazi koyamba, bwenzi tikukamba nkhani ina.” Pomaliza anatembenukira kwa ine ndi achimwene anga n'kutiuza kuti ana a munthu wodwala matendawa ayenera kusamala kadyedwe ndiponso kudzayezetsa msanga kuposa anthu ena.

Anawachita opaleshoni. Anadula gawo la matumbo, anatsegula kabowo kumanzere kwa mchombo, ndipo pakabowopo pamamatidwa kathumba kaja ndinatchula poyamba. Pa mayeso a teremu yatha funso la matumbo ndinakhoza lonse.

Chachisanu ndi chiwiri, zikomo chifukwa cha dengu la pepani. Linafika kuwodi ndi dalaivala wanu, lokutidwa ndi pulasitiki yonyezimira ndi riboni yofiira. M'katimo munali poloni wathunthu, Bwana, osati nsonga ayi: wathunthu, wa mutu ndi mchira, woyamba kulowa m'banja mwathu pa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Munalinso soseji zosaphulika. Bambo wina wa pabedi loyandikana, amene anamva zonse za dokotala, anaseka mpaka anagwira bala lake akupempha kuti tichotse dengulo asanang'ambike ulusi. Abambo analiyang'ana kwa kanthawi n'kunena kuti, “Kawapatseni alonda a pageti.” Kenaka anati, “Ayi, nawonso ali ndi ana.”

Pansi pa dengulo panali kalata yanu, yonena mwaulemu kuti malinga ndi malamulo a ukhondo, munthu wa kathumba sangagwire ntchito pafupi ndi chakudya. Apa pokha ndiye nzeru zanga za fomu yachitatu zaperewera. Zaka zitatu mwakhala mukufuna wantchito wosakweza mkono, wosapempha kiyi, wosadziwa kumene kuli kachitseko kabuluu. Tsopano wapezeka. Angathe kuima pa makina kuyambira sayirini mpaka sayirini. Mwamupanga nokha, ndipo mwamukana tsiku limene wathera kupangidwa.

Koma simunatitaye. Mwa chifundo chanu munapereka malowo kwa achimwene anga, a zaka makumi awiri. Anawapatsa nambala yomweyo, 0417, poti inali yosokedwa kale pa epuloni. Majombo a abambo anawakwana ndendende. Ino ndi sabata yawo yachitatu.

Kunyumba tsopano timadya nyemba ndi masamba, mwa lamulo la abambo. Timizere tija talimanso. Iwo amakhala pa kampando n'kumaloza ndi ndodo, ine n'kumakumba. Lamlungu lapitali madzulo amayi anapakulira achimwene nyemba. Achimwene anakankhira mbale pakati pa tebulo n'kunena kuti, “Amayi, mawa ndili pa makina.” Anadzuka n'kukadula buledi woyera. Abambo anayang'ana satifiketi pakhoma n'kutuluka panja. Ine ndinangoyang'ana, mwa chizolowezi. Achimwene anati, “Iwe Kadzidzi, usandiyang'ane choncho. Ndalembedwa kale kawiri. Akandichotsa mudya chikwangwani chija?” Yankho lake lili kwa inu. Dzulo ndamva anzawo akuwaitana pamsewu kuti Kangamila, ndipo iwo anaseka.

Tsono, Bwana, ndafika pa pempho langa, ndipo ndikupempha nditagwada. Sindikupempha kuti mubweze matumbo a abambo. Ndinafunsa, anati anawataya. Sindikupemphanso kuti musiye kupanga poloni, pakuti ndikudziwa kuti nkhumba ija iyenera kupitiriza kumwetulira. Ndikupempha kuti muchotse kiyi pakhosi pa a Kapitawo, mutsegule loko, ndipo loko ndi bukulo muziike m'kabati. Ngati khosi lawo lazolowera kulemera moti lingapepuke mochititsa manyazi, tili ndi kiyi wa sutikesi yakale amene sitimugwiritsa ntchito. Ndidzabweretsa ndi chingwe chomwe, azivala ngati mkanda.

Ngati zimenezi n'zosatheka pa zifukwa zimene mwana sangazimvetse, ndiye ndikupempha chaching'ono. Ndamva kwa amayi okolopa kuti m'ofesi mwanu muli kachitseko kena, ka inu nokha. Perekani kiyi wake kwa a Kapitawo kwa sabata imodzi yokha. Pitirizani kudya zobiriwira zanu ndi tinyemba, imwani makapu asanu ndi atatu monga chikunenera chikwangwani, ndipo ikakwana nthawi, tsikani masitepe, imani pakhomo la holo, kwezani mkono. Ine ndidzakhala pawindo ndi wotchi. Polemekeza udindo wanu ndidzayamba kuwerenga mukatembenuka.

Kalatayi ndinaiyamba m'mawa, ndaipitiriza pa nthawi yopuma m'kalasi mopanda anthu, ndipo ndikuimaliza tsopano dzuwa likulowa. Poti mumakonda kudziwa amene wapita ndi nthawi imene wabwerera, nali buku la kwathu la lero. Kamlongo kanga kabwera kuchokera kusukulu 1 koloko. Ine ndafika 3 koloko itapitirira. Amayi ndi abambo abwera cha m'ma 4 koloko kuchokera kuchipatala, kumene abambo amakalandira mankhwala a m'diripi. Lero kanali kachitatu, kwatsala katatu. Kuchokera pokwerera basi abambo ayenda okha, apuma kawiri panjira, ndipo asanalowe m'nyumba azungulira kukaona mbande. Achimwene afika 5 koloko itapitirira ndi mphindi makumi awiri, phukusi lili kukhwapa. Aliika patebulo, pansi pa satifiketi. Sanapereke moni kwa aliyense. Adutsa chothamanga mpaka kuseri. Chitseko chathu chilibe loko, panalibe wina wodikira, ndipo palibe amene wagogoda. Atuluka pa mphindi zinayi ndendende.

Ine wanu wodzichepetsa ndi wothokoza nthawi zonse,

Kadzidzi,
mwana wa 0417 wakale,
mng'ono wa 0417 watsopano.